Tsiku limene agogo anu anakwera karinya ya ku Korea

Loweruka m'mawa tinali kumbuyo kwa karinya, kalole ka agogo, ine ndi ang'ono anga awiri, tikusankha mbatata ya kachewere. Agogo aamuna anabwera ndi mpando wawo n'kuyamba kulankhula. Ndinathamangira kaderno wanga wolembamo kushikola, ndipo ndalemba monga mmene ananenera, kupatula pamene ankatsokomola.

Ana inu, musamenyetse chitseko chimenecho. Ndi chachikulu kwa Toni, ndipo chagwira ntchito yambiri kuposa nonse atatu. Yowola muziika kumanzere, yabwino kumanja. Iwe Inesi, ngati ukulembadi, lemba kuti ndinali munthu wooneka bwino. Amene angatsutse ndi agogo anu aakazi okha, ndipo iwo ali kudimba. N'chifukwa chake ndikufuna kunena nkhaniyi tsopano, asanabwere.

Inu mukandiona mumati ndine wa galimoto. Ine ndine wa njinga. Ntchitoyo ndinaiphunzira ku Malawi, kumene tinathawira nkhondo, pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi Mwanza. Masiku amenewo chubu chikabooka tinkatsina pobookapo n'kumanga ndi mphira. Chikabookanso tinkamanganso. Chikafika pokhala ndi mfundo zambiri kuposa mpweya, tinkachichotsa n'kulonga udzu m'tayala. Inu masiku ano njinga ikangolira pang'ono mumaitsamiritsa pakhoma n'kumadikira kuti ichire yokha.

Mtendere utabwera tinabwerera kuno ku Zóbuè. Tinapeza mitengo itamera m'chipinda chogona, tinaidula n'kuyambanso. Ndinkalima kabichi, tomato ndi kachewere ameneyu, n'kumapita nazo kumsika wa pamalire pa njinga. Munthu wa njinga ali ndi lamulo limodzi: pokwera umavutika, potsika umapuma. Mtsetse ndi mphatso. Kupalasa pamtsetse n'chimodzimodzi kuthira mchere m'ndiwo za eni ake. Mtsetse ukakula kwambiri, mabuleki atatha, tinkathyola nthambi yamasamba n'kuimangirira kumbuyo kuti izikoka pansi. Tikafika m'munsi tinkaimasula n'kuisiya pambali, wina adzagwiritse ntchito ngati ali ndi mphamvu zokwera nayo.

Kenako malasha anadzuka ku Moatize. Analipo kale, si kuti anachita kubwera nawo. Koma chaka china kunafika anthu a zipewa zolimba ndi nsapato zazikulu, ochokera kumaiko amene sitinkawadziwa, ndi anyamata a ku Beira ndi ku Maputo, onse anjala. Ku Moatize mukukudziwa. Kumeneko kabichi samera, amangoyang'ana dzuwa kamodzi n'kusiya. Ndiye kabichi wa ku Zóbuè anapeza ulemu umene ife eni ake sitinaupezepo. Ophika a m'makampu a antchito ankamufuna sabata iliyonse.

Poyamba ndinkakwera naye shapa, minibasi zija. Thumba la kabichi linkakhala pampando ngati munthu, ine n'kumaima chowerama pakhomo. Pofika ku Moatize kabichi ankakhala atapuma bwino, ine msana utathyoka. Patatha zaka ziwiri ndinagulitsa ng'ombe zinayi ndi njinga ziwiri, n'kupita kukafuna kalole kanga.

Aliyense anandiuza chinthu chimodzi: gula ya ku Japan. Kuno munthu akati galimoto amatanthauza ya ku Japan, zina zonse ndi zoyerekeza. Koma ng'ombe zinayi sizinkadziwa Chijapani. Zinanditengera ku ofisina ya a Domingu, Mnyungwe wokonza magalimoto kuseri kwa msika wa ku Moatize. Pamenepo panali karinya iyi, yoyera, itatopa ndi kunyamula simenti ya nyumba za antchito a mgodi.

"Iyi ndi ya kuti?" ndinafunsa.

"Ya ku Korea."

"Korea ndi dera la ku Japan komweko?"

"Ayi, shamwali. Ndi oyandikana, monga inu ndi a ku Mwanza. Koma musawauze kuti ndi amodzi."

Ndinatsanzika n'kuyamba kuchoka. A Domingu sanadzuke n'komwe pamene anakhala. Anangoyang'ana miyendo yanga n'kunena kuti, "Akatumba amenewo ndi a njinga."

"Ndi a njinga. Nanga bwanji?"

"Ndiye mukuthawa m'bale wanu. Khalani pansi."

Anandiuza kuti anthu amene anapanga karinya iyi sanayambe ndi magalimoto. Anayamba ndi zitsulo za njinga, mapaipi ndi tizipangizo. Kwawoko kunagwa nkhondo ya pachibale, dziko n'kugawika pawiri, ndipo njinga yawo yoyamba yathunthu anaipanga nkhondoyo isanathe. Kenako anapanga njinga zamoto. Kenako kalole ka miyendo itatu, ngati mafuwa. Mwendo wachinayi unabwera pambuyo, ataona kuti atatuwo akuyenda. Patapita zaka zambiri chuma chinagwa m'dziko lawo, kampaniyo inagwa nacho, ndipo ina yaikulu ya kwawo komweko inailowa chokolo. Koma dzina anaisiyira, ndipo ikubalabe mpaka lero.

Inesi anazifufuza pa foni chaka chatha, akuti n'zoona. Ndiye lemba kuti kamodzi m'mbiri ya dziko lino mekaniko ananena zoona pogulitsa galimoto.

Ine ndinaganiza kuti anthu amene anamangapo sipoko nkhondo ili mkati sangandinamize. Ndinagula. Karta yoyendetsera ndinakaitenga ku Tete ulendo wachitatu. Maulendo awiri oyambawo musawalembe.

Pamsewu wathu uno tinalipo atatu a mtundu umenewu, ndipo tikakumana tinkawalitsirana nyali ngati anthu a mpingo waung'ono. Wina ankanyamula mbuzi kuchokera ku Angónia. Wina anali sisitere wa kumishoni, ankanyamula odwala ndi malata, ndipo ankathamanga kuposa tonse. Tikaima pamodzi pomwera tiyi tinkadandaula zofanana. Ikakhala yopanda katundu, kumbuyo kumadumpha ngati mwana wa ng'ombe, mpaka wa mbuzi uja ankayenda ndi miyala itatu ikuluikulu pobwerera. Chitsulo chikathyoka masiku amenewo unkadikira sabata ziwiri kuti chichokere ku Beira, eni za ku Japan akukuseka. Ndipo injini yake ili pansi pa mpando. Kuno kumapiri mu Juni zimenezo n'zabwino. Ku Moatize mu Okutobala umapsa pamwamba ndi dzuwa, pansi ndi Korea. Koma tikatha kudandaula palibe amene ankafuna kugulitsa. Imanyamula zoposa zimene analemba pachitseko, imalira ukangoikhudza m'mawa, ndipo fumbi la malasha ukaligugudira kunja Loweruka lililonse siikusungira mangawa.

Gazoliyo, mafuta ake, imamwa pang'ono. Koma kwa munthu wa njinga pang'ono ndi zambiri, chifukwa njinga siimwa kanthu. Ndiye kuchokera kuno kupita ku Moatize msewu umatsika, kukwera pang'ono, n'kutsikanso. Ine ndikafika pamwamba pa mtunda ndinkazimitsa injini n'kuisiya itsetsereke yokha. A Domingu atamva anandikalipira.

"Shamwali, mabuleki a galimoto iyi amadya kwa injini. Mukaizimitsa, mukaponda kawiri katatu amauma ngati mwala. Mudzafa ndi kabichi."

"Ndimasankha mitsetse yowongoka."

"Manda nawonso ndi owongoka."

Sindinamve. Ana inu musadzachite zimenezi. Ndili pano chifukwa cha mwayi, nzeru sizinathandizepo.

Tsopano agogo anu aakazi. Karinya itafika anaitsuka okha. Anaitana akatekisita kuti aiwaze madzi odalitsa. Ankayanika chinangwa pamwamba pake, ndipo nkhuku yawo ikaikira m'katimo ankandiletsa kuyenda mpaka atapeza poisamutsira. Koma kukwera sanakwere. Osati iyi yokha. Chiyambire nkhondo sanakwerepo galimoto iliyonse.

Chimene ndinkadziwa ndi ichi. Nthawi ya nkhondo magalimoto pamsewu uno ankayenda mondondozana, asilikali kutsogolo ndi kumbuyo, tinkati koluna. Tsiku lina agogo anu ankachokera kukaona akulu awo ku Chipanga, pafupi ndi Moatize, ali pa lole, amayi anu Rozita ali kumsana. Koluna inawomberedwa. Anafika kuno patatha masiku atatu, wapansi, mwana ali bwinobwino. Basi. Pobwerera kuchokera ku Malawi kunali malole otinyamula ulere, iwo anayenda pansi ndi mtolo pamutu. Nditagula karinya, Lamulungu ndinkapita nayo kutchalitchi, iwo akuyenda m'mbali mwa msewu. Ndinkawadutsa n'kuwapatsa moni.

Akulu awowo anali a Sesiliya. Inu simunawadziwe, Inesi yekha anamunyamulapo. Anakwatiwa ku Chipanga ndi a Antoniyo, woumba njerwa. Popeza mng'ono wawo sankakwera galimoto, a Sesiliya ndiwo ankakwera kuno chaka chilichonse tikakolola, atanyamula masawu ndi nsomba zouma za mu Zambezi. Ankakhala sabata, akudandaula kuzizira tsiku lililonse.

Kenako a Antoniyo anamwalira. Ku Moatize maliro sagonera masiku, kutentha sikulola. Wapansi sakanafika. Agogo anu anakhala pakhonde tsiku lonse atavala nsalu yamaliro, koma sanakwere. Ananditumiza ine ndi ufa ndi nkhuku. A Sesiliya ufa analandira, chifukwa anthu pamaliro ayenera kudya. Nkhuku anandibwezera.

"Alamu, mukamuuze mng'ono wanga kuti nkhuku siilira maliro."

Ndinabwera nayo nkhukuyo, ndinanena mawuwo. Kuyambira chaka chimenecho masawu sanabwerenso kuno.

Mgodi utakula, anthu a ku Chipanga anawasamutsira ku Cateme, kumene anawamangira nyumba m'mizere. Katundu wina wa a Sesiliya ndinanyamula ine pa karinya yomweyi: mtondo, mbuzi ziwiri, ndi chitseko chimene a Antoniyo anapala okha, ngakhale nyumba yatsopanoyo inali kale ndi zitseko. Cateme ili panjira yopita ku Moatize, ungopatuka pang'ono, ndiye sabata iliyonse ndinkawasiyira kabichi. Ankanditukwana monga mlamu amachitira. Ankati galimoto yanga ikumveka ngati chigayo chodwala. Ankafunsa ngati ku Zóbuè kukuzizirabe. Za mng'ono wawo sankafunsa. Ndikafika kuno agogo anu ankafunsa ngati msewu unali bwino. Za akulu awo sankafunsa. Ine ndinakhala zaka zinayi ndikunyamula nkhani za nyengo ndi za msewu pakati pa ana a mimba imodzi.

Chaka china, chilimwe chili pachimake, mwana wa a Sesiliya anaimba foni. Anati amayi miyendo yatupa, asiya kudya, ndipo akuitana dzina la Luiza. Luiza ndi agogo anu, ngati simunadziwe kuti ali ndi dzina. Pa foni sakanalankhulana, chifukwa a Sesiliya makutu anali atatha, ankamva munthu akayandikira pafupi penipeni.

M'mawa mwake ndikupakira kabichi, ndinaona agogo anu akumanga zingwe za nsapato, kamtolo kali pambali.

"Mukupita kuti, aNambewe?"

"Ku Cateme."

"Wapansi?"

"Miyendo ndili nayo."

"Ndi masiku atatu amenewo."

"Njira ndikuidziwa. Ndinayendapo."

"Munali mtsikana. Ndipo mwana uja wati mwina awiri sakwana."

Anamasula kamtolo kaja n'kukamanganso. Anadzuka n'kuzungulira karinya kamodzi, kawiri, ngati munthu wofuna kugula ng'ombe. Kenako anati, "Ndikhala kumbuyo. Kutsogolo ayi. Ndikufuna ndiziona tchire."

Ndinawaikira mpando wa ndalema kuti apondepo. Anakwera n'kukhala pakati pa matumba a kabichi, pamene wakhala Tonipo. Anthu oyandikana nafe anatuluka m'nyumba zawo. Mai wina anayamba kusesa pamalo amene anali atasesa kale.

Ndinayendetsa tsiku limenelo ngati ndanyamula mazira. Tinadutsa malole oima pamalire, tinadutsa msika. Maso anga anali pa galasi loonera kumbuyo. Ndinkaona mpango wawo ndi manja awiri atagwira chitsulo. Tinadutsa mphambano ya ku Mussacama, mpango ulipo. Mpweya unayamba kutentha, mitengo ikufupika, mpango ulipo. Mtima unakhala pansi. Ndinayamba kuganiza zimene ndikauze a Domingu.

Ndiye tinafika pamtunda wina wautali umene karinya ikalemedwa imakwera ngati nkhalamba, pang'onopang'ono, moti mwana akhoza kuipitirira akuyenda. Kuseri kwake kuli mtsetse wabwino kwambiri pamsewu wonsewu, wowongoka, wautali. Titafika pamwamba, dzanja langa linapita lokha pa kiyi. Sindinaganize. Linali litachita zimenezo pamalo omwewo sabata iliyonse kwa zaka zambiri.

Kunangoti zii. Matayala okha ndi mphepo. Ndinatsetsereka bwinobwino, ndikusangalala monga mwa masiku onse. Ndili pakati pa mtsetse ndinayang'ana pa galasi. Panali kabichi yekha.

Ndinaponda mabuleki. Anagwira kamodzi, kachiwiri pang'ono, kachitatu unali mwala umene a Domingu ankanena. Ndinaimirira pa chopondera ndi miyendo yanga ya njinga, ndikukoka buleki ya pamanja, mpaka inaima patali ndithu. Ndinaika mwala kutayala n'kuyamba kuthamanga chokwera. Munthu wa zaka zanga, dzuwa limenelo.

Ndinawapeza pamwamba penipeni pa mtunda, mu ngalande ya m'mbali mwa msewu. Anali atatsika pomwe injini inazima, galimoto isanayambe liwiro. Anagona chafufumimba, nkhope m'dothi, manja onse awiri ali kumsana, atagwira mwana. Mwana amene panthawiyo anali kuno akuchapa zovala za Inesi.

"ANambewe."

"Gonani pansi."

"Kulibe kanthu. Ndine."

"Ndati gonani pansi."

Ndinagona. Tinakhala choncho mu ngalande, anthu awiri a imvi. Inadutsa lole ya mafuta yopita ku Malawi, woyendetsa anatiyang'ana n'kupitirira. Patapita nthawi anatembenuza mutu.

"Wazimitsa ndani?"

"Ndine."

"Mwaona chiyani?"

"Palibe."

Anakhala tsonga n'kuyamba kuchotsa dothi pachigongono, chimene chinali chitasupuka. Analankhula osandiyang'ana.

"Tsiku lija anayamba ndi kuzimitsa. Lole yakutsogolo inaima, ndiye oyendetsa onse anazimitsa kuti amve chimene chili kutsogolo. Kunali zii. Ndinamva njiwa. Mai amene anakhala pafupi nane anati mwina tayala laphulika. Sanamalize n'komwe. Injini ikamalira ndimadziwa kuti tikuyenda. Ikazima ndiye kuti afika."

"Simunandiuzepo zimenezi."

"Simunafunse. Munafunsa ngati mwana ali bwino."

Zinali zoona. Ndinakhala nawo zaka zonsezo m'nyumba imodzi, m'msasa wa othawa nkhondo, m'munda umodzi, ndipo ndinazimvera mu ngalande.

"Ndiye ngati simunaone kanthu, mwazimitsiranji?"

"Gazoliyo."

"Gazoliyo."

"Eya."

"Wochuluka bwanji?"

Ndinaganiza bwinobwino, chifukwa ndinkafuna kunena zoona. "Pamtsetse uwu, mwina kapu ya tiyi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anadzuka, anakonza mpango, n'kuyamba kuyenda cholowera ku Cateme. Anatsika mtsetse wonse. Anafika pa karinya, anatenga kamtolo kawo, anakaika pamutu n'kupitirira.

Ndinaliza injini n'kuyamba kuwatsatira m'mbali mwa msewu, pa giya yoyamba. Malole ankaimba mahutala pondipitirira. Woyendetsa shapa wina wondidziwa anatulutsa mutu n'kufunsa ngati ndikuweta. Ine ndinkangoona kumsana kwawo, ndi kuwerenga mumtima kuti pa liwiro limeneli tikafika ku Cateme mkuja, ndipo tikapeza anthu atabwerako kumanda. Ndinaganiza za nkhuku ija. Kulankhula sindikanatha, ndinali nditalankhula kale kapu ya tiyi.

Anayenda mpaka mthunzi wa galimoto unalowa pansi pake. Pa mlambe woyamba wa msewu umenewo anaima. Ndinaima pambali pawo, injini ikulira. Anabwera pawindo.

"Iyi ikazima, ndinene ndine. Osati mtsetse. Osati thumba lanu."

"Ndamva."

"Tsegulani uko."

Anakhala kutsogolo. Musaganize kuti analimba mtima, ankafuna aziona dzanja langa. Anaika chikhatho pampando pakati pathu, pamene pamatentha paja, pamene tonse atatu eni magalimoto amenewa tinkatukwana. Chinakhala pamenepo njira yonse, akumva injini ikunjenjemera.

Panjira panali apolisi oimitsa magalimoto. Mnyamata wa yunifolomu anabwera n'kunena m'Chipwitikizi kuti ndizimitse, ndionetse mapepala. Ndisanatsegule pakamwa agogo anu anati, "Sazimitsa." Mnyamatayo anawayang'ana, dothi lili kumaso, chigongono chili magazi, n'kuyang'ana ine. Sindikudziwa chimene anaganiza. Anaona karta mwachangu n'kutiuza kuti tizipita.

Tinafika ku Cateme dzuwa litapendeka pang'ono. Nyumba zonse zofanana, koma ya a Sesiliya inkadziwika ndi chitseko chija chotsamira pakhoma. Pakhomo panali phee, koma osati phee wa maliro. Mwana wawo anatuluka, ataona amene akutsika anagwira pakamwa. Agogo anu anatsika n'kunena kuti, "Isiyeni choncho."

Ndinaisiya ikulira. Ophika a ku Moatize ankadikira kabichi wawo, kabichiyo akufota kumbuyo, gazoliyo akupita. Ndinakhala pa chiwongolero manja ali pamiyendo.

A Sesiliya anali atawagoneka pamphasa pakhonde, chifukwa m'nyumba za malata zija masana simukhalika. Anali atachepa ngati mwana. Ndinkaona zonse pawindo, ndipo a Sesiliya ndinkawamva, chifukwa anthu osamva amakuwa.

"Ndani akuwononga mafuta pakhomo panga?"

Mwana wawo anawerama n'kuwauza.

"Alamu? Amene aja? Apenga?" Kenako anaona amene anagwada kumiyendo kwawo. Anayang'ana nthawi yaitali. "Wabwera pa chiyani?"

Agogo anu analoza karinya.

"Ndiye magalimoto ayamba chaka chino? Pa maliro a Antoniyo kunalibe?"

Ndinaona agogo anu akulankhula, mutu uli pansi.

"Ukuti chiyani?"

Anasendera pafupi n'kunenanso.

"Sindikumva. Chigayo chija chikusokosa."

Ananena kachitatu, pakamwa pali pa khutu. A Sesiliya anapukusa mutu n'kutseka maso, atatopa.

Agogo anu anadzuka. Anabwera pang'onopang'ono mpaka pawindo langa, n'kugwira chitseko ndi manja awiri, chomwechi ndikukuletsani kumenyetsachi.

"Zimitsani. Achemwali sakundimva."

"Mukunenetsa?"

"Ndanena."

Ndinazimitsa. Kunangoti zii, Cateme yense. Ndinaona zala zawo zikulimba pachitseko, maso akuyang'ana kutchire kuseri kwa nyumba zomaliza. Kunalira mbuzi. Mwana wina ankakoka chitini mumsewu. Anaima choncho kanthawi, akupuma ngati munthu wosenza katundu. Kenako anasiya chitseko, anabwerera pakhonde n'kugwadanso.

Zimene ananena sindinamve, ndipo sindinafunsepo. Zimenezo ndinasiya dala, si zanga. Ndinangomva yankho, lomwe anamva ndi a nyumba yachitatu.

"Ndamva. Unkaopa. Ine unkayesa sindinkaopa, kuika mwamuna m'manda popanda wa kwathu wondigwira mkono?" Kenako anawayang'ana kumaso. "Taona nkhope yakoyo, ngati wagwa m'dzenje. Kasambe, ubwere undipese tsitsi. Ana awa amakoka."

Anakhala nawo masiku asanu ndi limodzi. A Sesiliya anamwalira mutu uli pamiyendo ya mng'ono wawo, ndipo pamaliro agogo anu ndiwo anakhala kumutu kwa bokosi n'kuyambitsa kulira.